Kumanga depoti yaing'ono ya sitima zamalasha: kuyambira pa thabwa mpaka pa phulusa

Anthu ambiri amene amayamba ntchito imeneyi yomanga depoti ya sitima zazidole zoyendera magetsi amagwa pa malo awiri. Ena amamanga shedi yokongola, njerwa zake zochita kuwerengeka, koma injini ikamalowa pang'onopang'ono imaima pa mphambano ya njanji mpaka aikankhe ndi chala. Ena njanji zawo zimayenda bwino ndithu, koma pansi pamakhala poyera ngati pabwalo losesedwa podikira alendo, pomwe depoti yeniyeni inali malo a phulusa, mwaye ndi oyilo. Pa depoti sitima sizithamanga. Zimakwawa, n'kuima, n'kubwerera m'mbuyo. N'chifukwa chake chilema chilichonse cha njanji kapena cha magetsi chimaonekera poyera, ndipo woonera amakhala ndi nthawi yokwanira yoyang'anitsitsa pansi.

Malangizowa ndi a msinkhu wotchedwa OO. Pa msinkhu umenewu chilichonse chimachepetsedwa ka 76, phazi limodzi limakhala mamilimita 4, ndipo njanji zimatalikirana mamilimita 16.5. Chitsanzo chathu ndi shedi ya ku Didcot ku England, yomwe kampani ya Great Western Railway inamanga mu 1932. Ndaisankha chifukwa ikadalipo mpaka lero ngati malo osungira mbiri ya njanji, zithunzi zake n'zosavuta kupeza, ndipo injini za kampaniyo pa msinkhu wa OO zimagulitsidwa zopangiratu ndi makampani a Hornby ndi Bachmann. Sitikopera yonse. Ya ku Didcot ili ndi njanji zinayi zolowa m'shedi, ife tipanga ziwiri.

## Zofunika kukhala nazo

Za thabwa ndi njanji:
- pulayiwudi imodzi yokhuthala mamilimita 9, ija ya mamita 2.44 m'litali ndi 1.22 m'lifupi
- matabwa ouma a felemu, masikuluwu, ndi mabawuti awiri kapena atatu olumikizira zigawo
- cork (khungwa lofewa lija amapangira zotsekera mabotolo) ya mamilimita 3 yoyala pansi pa njanji
- njanji zopindika za kampani ya Peco, za mtundu wa Streamline, zisanu ndi zitatu, mapoyinti (mphambano zopatutsira injini ku njanji ina) anayi kapena asanu a mtundu wa Electrofrog, zolumikizira njanji zachitsulo ndi zapulasitiki
- chotembenuzira injini, chija pa Chingerezi amati turntable, cha masentimita pafupifupi 30

Za magetsi: kontirola, waya wonenepa wa 1.5 mm² wofiira ndi wakuda, waya wowonda wa mitundu yomweyo, chowotcherera chonga cha okonza mawailesi, solder (chitsulo chofewa chowotcherera mawaya), flux (mankhwala othandiza solder kugwira), mita yoyezera magetsi, nyali za LED ndi ma resistor (tizipangizo tochepetsa magetsi olowa m'nyali) a 1,000 ohm.

Za pansi ndi nyumba: guluu woyera wa akalipentala, mchenga, phulusa, malasha pang'ono, simenti yotuwa yomatira m'mipata ya matailosi, katoni yolimba, penti ya acrylic yosawala (yakuda, yoyera, yofiirira ndi yotuwa), vanishi yowala pang'ono chabe, choko cha pastel.

Zida: sowo yaing'ono ya mano osalala, mpeni wakuthwa ndi zilezala zake, rula yachitsulo, dirilo, levulo, tupa waung'ono, sefa ya tiyi, maginito, sirinji, botolo lopopera madzi, maburashi, ndi kagalasi kodziyang'anira.

Musagule injini zambiri poyamba. Ziwiri zikwana: yaifupi imodzi yonga 57xx pannier tank, yomwe pa msinkhuwu ndi masentimita pafupifupi 12, ndi yaitali yokoka tender, bogi ija ya malasha ndi madzi, yonga ya mtundu wa Hall, ya masentimita pafupifupi 25. Yaifupiyo ndi imene idzakuululirani zilema za magetsi. Yaitaliyo idzakuuzani ngati malo akukwana.

## 1. Jambulani ulendo wa injini, nyumba zibwere pambuyo

Injini ikabwera kuchokera ku ulendo, sinkangolunjika m'shedi. Kawirikawiri inkayamba yamwa madzi ndi kupakiridwa malasha, kenako n'kuima pa dzenje la phulusa kuti wosonkha moto ayeretse ng'anjo, n'kutembenuzidwa kuti iyang'ane kumene idzapite mawa, ndipo pomaliza n'kulowa m'shedi. Ndondomekoyi inkasiyana pang'ono malo ndi malo, koma mfundo yake inali imodzi: injini yobwera isatsekerezane ndi yotuluka.

Lumikizani mapepala kuti akwane masentimita 240 m'litali ndi 60 m'lifupi, muwayale pansi. Ikani mapoyinti enieniwo pamwamba pake n'kulemba mozungulira. Kumanzere kukhale khomo lolowera m'depoti. Njanji yakumbuyo idutse pa malo opakirira malasha ndi pa dzenje la phulusa, ikathere pa chotembenuzira. Kuchoka pa chotembenuzira, njanji ina ibwerere chakutsogolo n'kugawika pawiri kulowa m'shedi. Siyaninso kanjanji kakafupi pambali pa dzenje koimikapo bogi yonyamula phulusa.

Dulani timakatoni tiwiri tautali wofanana ndi injini zanu, mutiyendetse ndi dzanja pa pepalapo ulendo wonse. Pena paliponse pamene injini ikubwerera m'mbuyo, onetsetsani kuti yonse yadutsa poyinti n'kutsalako masentimita atatu.

Chenjezo: apa ndi pamene dyera limapha ntchito. Munthu amafuna njanji zisanu ndi imodzi pa thabwa lomwe likanakongola ndi zinayi. Njanji zoyandikana zitalikirane masentimita 5 kuchokera pakati mpaka pakati, ndipo pamene pakhale mpope wa madzi kapena mulu wa phulusa, onjezerani mpata mpaka 7.

## 2. Khomani thabwa

Dulani zigawo ziwiri za masentimita 120 ndi 60. Chigawo chimodzi chachitali sichidzatuluka pakhomo tsiku losamuka. Pansi pa chilichonse khomani felemu, ndi mitanda yopingasa pa masentimita 40 aliwonse, koma yambani mwayang'ana pepala lanu kuti mtanda usagwere pansi pa chotembenuzira, pa dzenje kapena pa poyinti. Bowolani mitandayo musanaikhome, waya adzadutse momwemo.

Matabwa akhale ouma. Aawisi ogulidwa dzulo pa msika amapindika pakangotha miyezi iwiri. Pakani penti kapena vanishi mbali zonse, pansi pomwe, kuti chinyezi cha m'dzinja chisalowe, ndipo miyendo isagunde dothi kapena khoma lomwe chiswe chimayendamo. Lumikizani zigawozo ndi mabawuti, muyeze ndi levulo, kenako matani cork pamwamba ponse. Pa depoti njanji sizikhala pa kamtumbira ngati za pa msewu waukulu. Pansi ponse mpofanana.

## 3. Maenje adulidwe njanji zisanagone

Mufunika bowo la chotembenuzira, dzenje la phulusa la masentimita 25 mpaka 30, ndi maenje a amakaniko m'kati mwa shedi. Peco amagulitsa maenje opangiratu okhala ndi timapazi togwira njanji. Ngati mukupanga nokha, kuya kwa mamilimita 10 mpaka 12 kukwana, ndipo makoma ake akhale a katoni kapena pulasitiki yosindikizidwa njerwa. Kukula kwa bowo la chotembenuzira tengani pa pepala lobwera nacho, osati pa maso.

Pakani penti m'kati mwa maenje tsopano lino. Njanji zikagona pamwamba, burashi siifika m'makona.

Chenjezo: pamwamba pa njanji ya pa dzenje pafanane ndendende ndi pa njanji yolumikizana nayo. Yendetsani chikhadabo pa mfundopo. Chikakodwa, gudumu nalonso lidzakodwa.

## 4. Gonekani njanji

Yambirani pa chotembenuzira ndi pa mapoyinti, chifukwa zimenezi sizisuntha. Njanji zopindika ndizo zidzatsatire. Musanamate chidutswa chilichonse, chitembenuzeni n'kuwotcherera timawaya tiwiri pansi pake, wofiira ku njanji yakutsogolo, wakuda ku yakumbuyo. Waya wowotcherera pambali amaoneka pa chithunzi chilichonse chomwe mudzajambule.

Dulani njanji ndi sowo yaing'ono, musalaze kumapeto ndi tupa. Matani ndi guluu woyera wopaka mopyapyala, mutsindire ndi mabuku kapena zitini usiku wonse. Misomali ndimaikana chifukwa ikalowa kwambiri imakhotetsa timitanda ta pulasitiki, ndipo njanji zimayandikana osadziwa.

Ikani kagalasi kaja pa njanji choimirira n'kuyang'anamo. Kukhota kulikonse komwe diso silinaone, galasi limakukulitsa.

Chenjezo: pa mfundo iliyonse siyani kampata kokwana kupyapyala kwa khadi. Chitsulo chimafutukuka chikatentha. Njanji yomwe munaigoneka mothinana mu June, m'chipinda cha malata idzapindika ngati njoka mu October.

## 5. Magetsi: pano musafulumire

Choyamba sankhani pakati pa DC ndi DCC. Pa DC, kontirola imatumiza magetsi osapitirira mavoti 12 ku njanji, ndipo injini iliyonse yomwe ili pa njanji yamoyo imayenda. Pa depoti pomwe injini zisanu zaima mondondozana, ndiye kuti malo aliwonse oimikapo muyenera kudula njanji imodzi n'kuikapo swichi yake. Zimatheka, ndipo n'zotchipa, koma mawaya amachuluka. Pa DCC njanji zonse zimakhala ndi magetsi nthawi zonse, ndipo injini iliyonse ili ndi kachipangizo kake komvera nambala yake yokha. Pa njanji yongozungulira, DCC mukhoza kuisiya. Pa depoti, ine ndimati ndalama yomwe mukanagulira injini yachitatu igule DCC.

Kaya mwasankha iti, pansi pa thabwa yendetsani mawaya awiri onenepa aja kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, ndipo timawaya tonse tochokera ku njanji tiwotchereredwe pamenepo, wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda. Chidutswa chilichonse cha njanji, ngakhale cha masentimita asanu, chikhale ndi mawaya akeake. Zolumikizira zachitsulo ntchito yake ndi kuwongola njanji basi. Mukadzathira guluu wamadzi pa sitepe 8, adzalowa m'menemo n'kutseka magetsi, ndipo amene ankadalira zolumikizirazo adzadabwa kuti njanji yomwe inkayenda dzulo yafa lero.

Tsopano za mapoyinti. Pakati pa poyinti pali malo omwe njanji ziwiri zimakumana ngati chilembo cha V. Dzina lake ndi frog. Pa mapoyinti otchedwa Insulfrog nsonga ya V imeneyi ndi yapulasitiki, ndipo injini yaifupi ikamakwawa, gudumu limodzi likaponda pulasitikiyo pomwe lina laponda kafumbi, imaima. Pa Electrofrog nsongayo ndi yachitsulo ndipo imakhala ndi magetsi. Kuti zimenezi ziyende bwino, chitani zinthu ziwiri. Ikani zolumikizira zapulasitiki pa njanji zonse ziwiri zochokera pa V. Kenako tengani kawaya ka frog komwe kali pansi pa poyinti, mukalumikize ku swichi yosinthana mbali yomwe imayenda limodzi ndi poyintiyo, kuti frog izilandira wofiira kapena wakuda malinga ndi komwe poyinti yaloza. Pepala la m'paketi limasonyeza timawaya toyenera kudula ndi toyenera kulumikiza. Musalitaye.

Mukamaliza chidutswa chilichonse, yezani ndi mita ngati wofiira ndi wakuda sakukhudzana. Kuyeza pamapeto pa zonse ndiye kufunafuna singano m'udzu. Ine ndinataya Loweruka lathunthu chifukwa cha waya mmodzi yemwe ndinamuwotcherera ndili chagada pansi pa thabwa, kutsogolo ndi kumbuyo zitandisokonekera. Kuyambira pamenepo ndimalemba "kutsogolo" ndi cholembera chachikulu pansi pa felemu.

Chenjezo: chowotcherera chikhudze njanji kwa masekondi awiri kapena atatu okha. Palani pamalopo ndi tupa, pakani flux, yambani mwapaka solder pa waya ndi pa njanji padera, kenako muzikumanitse. Mukachedwetsa, timitanda timasungunuka. Kontirola idutse pa chotetezera mphamvu ya magetsi, ndipo magetsi akathima izuleni pa khoma, chifukwa pobwera ndi pamene amaotcha zinthu.

## 6. Chotembenuzira

Chikhazikeni mopanda kupendama ngakhale pang'ono, ndipo njanji iliyonse yofikapo iwongoke kwa masentimita osachepera 8 isanafike m'mphepete. Yofika ili yokhota imagwetsa magudumu akutsogolo. Songolani pang'ono m'kati mwa nsonga za njanji ndi tupa kuti gudumu lilowe mosakodwa.

Mlatho wake, pomwe injini imaima, ukazungulira theka, njanji yomwe inali kutsogolo imakhala kumbuyo, choncho magetsi ayenera kusinthana. Cha Peco chili ndi mphete yogawika pawiri pansi pake yomwe imachita zimenezi yokha. Onetsetsani kuti mpata wa mpheteyo sunagwere pamene mlatho ukuyang'anizana ndi njanji ina iliyonse. Mota sikofunika poyamba. M'madepoti ambiri anthu ankachita kukankha ndi manja, inunso chala chikwana.

## 7. Yesani kwa milungu iwiri

Thabwa likadali lopanda kanthu, yendetsani injini yaifupi ija pang'onopang'ono kwambiri pa njanji iliyonse, chamtsogolo ndi cham'mbuyo, tsiku lililonse. Pamene yaima kapena yadzandira, lembani ndi pensulo n'kukonza. Yaitali ija iyeseni pa mapoyinti ndi pa chotembenuzira. Milungu iwiriyi imatopetsa chifukwa palibe chooneka chimene chikuwonjezeka, koma kukonza waya mutathira kale phulusa ndi guluu ndiye kugumula nyumba yomanga kale.

## 8. Pansi pa depoti

Apa ndi pomwe depoti imabadwira. Iwalani miyala yotuwa yomwe mumaiona pa njanji ya msewu waukulu. M'depoti pansi panali phulusa ndi zinyenyeswa za malasha zopondedwa kwa zaka zambiri, zofika pamwamba pa mitanda, mwina n'kuikwirira ndithu.

Yambani ndi penti. M'mbali mwa njanji ndi timitanda pakani zofiirira zosakaniza ndi zakuda. Dzimbiri lofiira ngati katondo likhale pa njanji yosayendedwa kawirikawiri, monga ya bogi ya phulusa ija. Pomwe injini zimaima, oyilo ankadetsa zonse. Pukutani pamwamba pa njanji penti isanaume, ndipo malilime a mapoyinti, pamene amakhudzana ndi njanji, muwaphimbe ndi tepi.

Kenako konzani dothi lake. Tengani mchenga wa kumtsinje, muutsuke, muuyanike mpaka uume gwa, muusefe ndi sefa ya tiyi. Womwe watsala m'sefa ndi waukulu kwambiri. Kumbukirani kuti kamwala ka milimita imodzi pa msinkhuwu ndi mwala wokula ngati chibakera. Kulungani maginito m'kapepala ka pulasitiki n'kuiyendetsa mu mchengawo kangapo. Mudzadabwa ndi tizitsulo takuda tomwe tidzamatirire. Tizitsulo timeneto tikanakathera mu mota ya injini yanu, popeza motayo ili ndi maginito yakeyake.

Sakanizani magawo awiri a mchenga ndi gawo limodzi la simenti ya matailosi ija, muthiremo fumbi la makala osinja mpaka mtundu ukhale wotuwa modera. Pangani mitundu itatu m'zitini zosiyana: wakuda kwambiri wa pa malasha, wapakati wa ponseponse, ndi wotuwa wa pafupi ndi dzenje la phulusa. Thirani ndi supuni, mufalitse ndi burashi youma, mutsindire ndi chala. Pomwe mitundu ikukumana isakanikirane, pasakhale mzere. M'kati mwa njanji siyani mpata woti mkombero wa gudumu udutse, ndipo pamene poyinti imasuntha pasagwe kanthu.

Guluu wake: theka guluu woyera, theka madzi, ndi dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale. Musanathire guluu, nyowetsani dothilo ndi botolo lopopera, mutaloza m'mwamba kuti madzi azigwa ngati mawawa. Mukapopera molunjika mudzauluza zonse. Likanyowa, donthezani guluu ndi sirinji mpaka ponse payere ngati mkaka. Musaope, akauma saoneka. Siyani masiku awiri, ndipo pa maola oyambirira muzisuntha mapoyinti pafupipafupi kuti asamatike.

Chitani kagawo kakang'ono kaye, kokula ngati chikhatho, muone mtundu wake kakauma. Pafupifupi nthawi zonse kamada kuposa mmene kanalili kouma.

Phulusa lenileni la pa mbaula lisungireni mulu wa pambali pa dzenje ndi m'bogi. Lisefeni kawiri. Musaliunjike lokhalokha. Sema kamtumbira ka katoni kapena thovu lolimba, mukapake guluu, n'kuwaza phulusa pamwamba. Phulusa la nkhuni likanyowa limatulutsa chidulo, ndiye lisakhudze njanji.

Malasha palibe chowaposa malasha enieni. Amene ali pafupi ndi fakitale yogwiritsa ntchito malasha, kapena ndi migodi monga wa Mchenga ku Rumphi, kachidutswa kamodzi kokula ngati dzira kamukwanira. Kakulungeni m'nsanza, mukaphwanye ndi hamala, musefe. Zidutswa za mamilimita 2 mpaka 4 ndi za pa tender ndi m'mabogi, fumbi ndi lowaza pansi. Makala a nkhuni amatha kulowa m'malo mwake, koma sanyezimira, ndiye afunika kadontho ka vanishi apo ndi apo.

## 9. Nyumba

Yambani mwapanga nyumba zonse ndi makatoni wamba, muziike pamalo pake kwa masiku angapo. Khomo la shedi likhale lalitali pafupifupi masentimita 6.5, koma injini yanu yaitali ndiyo iweruze. Mukakhutira, mangani zenizeni, kaya ndi za pulasitiki za Ratio, za katoni za Metcalfe, kapena zanuzanu. Amene anakula akupinda magalimoto a mawaya ali kale ndi manja a ntchito imeneyi.

Shedi ikhale ndi denga lochotseka, chifukwa injini idzafera m'katimo tsiku lina. Pamwamba pa njanji iliyonse pakhale timachumuni totulutsira utsi. Makoma a katoni alimbitseni ndi timatabwa m'kati, ndipo m'mphepete modulidwa mupake utoto, poti kuyera kwa katoni pakona kumaulula zonse. Njerwa zipakeni kaye zofiirira, zikauma muthire penti yotuwa yosungunula kwambiri kuti ilowe m'mizere, n'kupukuta pamwamba.

Malo opakirira malasha a ku Didcot ndi nyumba ya njerwa yokhala ndi thanki ya madzi pamwamba. Mabogi a malasha ankakankhidwa kukwera chitunda mpaka m'kati, anthu n'kumapakira ndi mafosholo m'timangolo tachitsulo tomwe ankakhuthulira mu tender ili m'munsi. Chitunda chimenechi ndi msampha. Kuti njanji ikwere masentimita 5 pa chikweza choti injini ikwanitse bwino, cha 1 pa 30, pafunika masentimita 150, omwe mulibe. Chipangeni chachifupi, chikabisale kuseri kwa nyumba ina kapena kumapeto kwa thabwa, ndipo mabogi awiri angoima pamwambapo osayenda. Palibe amene adzafunse.

Chenjezo: nyumba isaoneke ngati yatera pamwamba pa dothi. Ikulungeni kumunsi ndi pulasitiki yopyapyala, muiike pamalo pake, muthire dothi lija mozungulira ndi guluu. Zikauma idzazulika, koma ikabwerera idzakhala m'kadzenje kake.

Wina mtima wake ungakhale pa depoti ya kwathu kuno, ya ku Limbe, kapena ya ku Bulawayo komwe injini zimphona za mtundu wa Garratt zopangidwa ndi Beyer, Peacock ku Manchester zinagwira ntchito zaka zambiri Britain itasiya kale sitima zamalasha mu 1968. Masitepe onsewa ndi omwewo, koma njanji za kuno n'zopapatiza, mamilimita 1,067. Pochepetsa ka 87 mufunika njanji ya mamilimita 12, ndipo pochepetsa ka 64 ya 16.5 ija ikwana bwino. Injini zambiri mudzachita kupanga nokha. Injini zenizeni zoti mukaziyeze zilipo: ku nyumba yosungira zakale ya Chichiri ku Blantyre, ku Railway Museum ya ku Livingstone, ndi ya ku Bulawayo.

## 10. Litsiro, nyali ndi anthu

Litsiro lililonse lili ndi mwini wake. Mwaye uli pamwamba pa khomo la shedi, molunjika pomwe chumuni ya injini imadutsa, ndi kuzungulira timachumuni ta padenga. Oyilo ali m'mizere iwiri m'mbali mwa njanji pomwe injini zimaima. Madzi ali pansi pa mpope, ndipo madontho awiri a vanishi yowala apanga chithaphwi. Palani choko cha pastel ndi mpeni, mutenge ufawo ndi burashi yofewa, muzipaka kuchokera pamwamba kutsika, mmene mvula imatsikira. Ikani chithunzi chenicheni pambali panu. Zopeka m'mutu zimatuluka ngati nyumba yopsa.

Injini nazonso zisanyezimire ngati zochokera m'bokosi, koma penti isafike pomwe gudumu limaponda njanji kapena pa timkuwa totola magetsi kuseri kwa magudumu. Yambani kuphunzirira pa bogi yotchipa.

Nyali zikhale za kuwala kwachikasu, iliyonse ndi resistor yake ngati mukugwiritsa ntchito mavoti 12, ndipo zitenge magetsi pa gwero lina, osati pa njanji. M'kati mwa makoma pakani kaye penti yakuda, kenako yoyera yodetsedwa pamwamba pake. Popanda yakudayo, shedi yonse imawala usiku ngati nyali ya galasi.

Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi akwana. Sankhani oima, otsamira fosholo, kapena ocheza awiriawiri. Munthu woumitsidwa ali pa liwiro amaseketsa. Wilibala pafupi ndi dzenje, migolo iwiri ya oyilo, ndi zitsulo zazitali zotokosera moto zotsamiritsa pa choikapo chake, zopangidwa ndi waya wowonda, zimanena zambiri kuposa khamu.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Kupala njanji ndi sandipepala. Imasiya timizere tomwe timasunga litsiro, ndipo mawa lake njanji imada kuposa kale. Pukutani ndi kansalu kopanda ubweya konyowetsa ndi isopropyl alcohol. Magudumu nawonso apukuteni, apo ayi adzabweza litsiro lonse.

Kuthira oyilo wambiri mu injini. Kadontho ka pa nsonga ya singano pa malo osuntha nkokwanira, ndipo akhale wopangira zidole zotere. Mafuta ophikira amauma n'kumata, ndipo oyilo wina amadya pulasitiki.

Kusakaniza njanji za Code 100 ndi Code 75 popanda cholumikizira chake. Manambalawa amanena kutalika kwa chitsulo cha njanji kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndipo n'kosiyana. Code 75 ndiyo imaoneka bwino, koma injini zakale kwambiri za mikombero ikuluikulu zimagunda timapazi take. Ngati zanu ndi zogula kwa wina zakalekale, khalani pa Code 100.

Kusakaniza nyengo. Injini yolembedwa GWR, kutanthauza Great Western Railway, ndi ya chaka cha 1948 chisanafike kapena zaka zochepa zotsatira, chifukwa m'chaka chimenecho njanji za ku Britain zinalowa m'manja mwa boma n'kukhala British Railways. Sankhani zaka zanu, mabogi ndi zikwangwani zitsatire.

Kupenta zonse zakuda bii. Chakuda cha m'chitini n'cholemera kwambiri pa kanthu kakang'ono. Thiranimo koyera kapena kofiirira pang'ono nthawi zonse.

Kusiya poyera. Fumbi la mu September limakuta njanji pa masiku atatu, ndipo mphemvu zimakonda guluu ndi katoni. Pangani chivindikiro cha felemu yopepuka ndi pulasitiki, chokwera masentimita angapo kupitirira thanki ya madzi, kuti pochivundukula chisakokere mpope kapena timachumuni ta padenga.